Dzina la Nankhoma M'buku la Odulidwa

Ku Gongo la Mboto, kumene nyumba za mzinda wa Dar es Salaam zinkayamba kutalikirana masiku amenewo, kunali mkulu wina amene Aswahili ankamutcha Mzee Kiebrania, kutanthauza mkulu wa Chihebri. Anyasa anzake, anthu ochokera ku Malawi amene anakalambira mumzindawu, ankati a Kachiwanda.

A Fraser Kachiwanda anabadwa pa 9 Malichi 1934 kumapiri a ku Dedza. Ku Dar es Salaam anafika pa 2 Okutobala 1957 ndi sutikesi ya malata, momwe munali malaya awiri, lumo, ndi buku lonenepa lopanda chikuto, lotanthauzira mawu a Chihebri. Anali atakhala zaka ziwiri pasukulu ya ubusa, koma bambo awo atamwalira anasiya kuti akasake ntchito yodyetsera azing'ono awo. Bukulo anawapatsa ndi mphunzitsi wawo powatsanzika. Ubusa sanaupezenso, koma Chihebri sichinawachoke m'mutu.

Ntchito anaipeza pakampani ina yosindikiza mabuku mumsewu wa Pugu. Ankatola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi n'kuzindandalika m'mizere. Anagwira ntchitoyi zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo anzawo ankawadziwa ndi chinthu chimodzi: mzere ukakhala ndi chilembo cholakwika, a Kachiwanda sankaulola kupita kumakina, ngakhale kapitawo atakalipa bwanji.

Loweruka pa 5 Ogasiti 1961 anakwatira a Phoebe Nankhoma, mwana wa khukhi wina wochokera ku Ntcheu. A Nankhoma anali munthu wa phwete ndi mawu aakulu. Pamaliro ndiwo ankayambitsa nyimbo, ndipo akaikoka, ngakhale amuna oima kumanda ankaimva. Ana anabadwa atatu, awiri anapita ali makanda, n'kutsala Tiamike, wobadwa pa 17 Meyi 1968.

"Abambo ake Tiya," ankatero a Nankhoma akapeza amuna awo ataweramira buku lija, "mawu anu oyenda chobwererawo amagula makala?"

"Sagula."

"Ndiye sunthani mwendo, ndisese."

Anyasa a kuderali anali ndi katchalitchi kawo ka malata. A Kachiwanda anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo mu 1972, ndipo chaka chomwecho anawapatsa ulembi wa bwalo la akulu. Loweruka lililonse 3 koloko masana ankaphunzitsa kalasi imene anthu ankangoti ya mawu. Ankalemba liwu limodzi la Chihebri pabolodi, kuyambira kudzanja lamanja, n'kulisenda pang'onopang'ono ngati chinangwa.

"Beriti," ankatero. "Ndilo pangano. Koma si pangano la pamsika, loti ukapeza mtengo wabwino kwina ulisiye. Anthu akale ankapha nyama popangana, kusonyeza kuti wophwanya panganolo aone zimene yaona nyamayo."

Sabata lina ankalemba ma'ali. "Ili ndi tchimo la munthu wa m'nyumba. Mlendo sangalichite. Amalichita ndi amene wasungitsidwa chinthu chopatulika, iye n'kuchiyesa chinthu wamba." Za mishipati, chiweruzo, ankati si kupsa mtima ayi, koma kuwongola chimene chapotoka. Ndipo akafika pa kareti ankatsitsa mawu, chifukwa ndiko kudulidwa pakati pa anthu ako, kukhala ndi moyo koma dzina lako osawerengedwanso.

"A Kachiwanda," ankafuula a Mose, mkulu mnzawo amene ankayendetsa kireni kudoko, "kodi Ayudawo analibe liwu loti chai? Kukhosi kwauma kuno."

Anthu ankaseka, a Kachiwanda nawonso ankamwetulira, koma Loweruka lotsatira mabenchi ankadzazanso.

Mpingowu unali ndi mwambo wake umene unabwera nawo kuchokera kumudzi. Munthu akalakwa kwambiri, bwalo linkamudula. Dzina lake linkalembedwa m'buku la odulidwa, ankakhala pabenchi yakumbuyo, ndipo Mgonero sankadya. Akakhala mayi wa mvano, ankabweza yunifomu yake, bulauzi yoyera ndi duku loyera. Akamwalira asanabwezedwe, mbusa sankapita kumaliro ake, nyimbo sinkaimbidwa, ndipo yunifomu sinkayalidwa pabokosi lake. Njira yobwerera inalipo: kulowa kalasi ya obwerera miyezi isanu ndi umodzi, kenako kuima pamaso pa mpingo n'kunena kuti ndalapa. Wodwala kwakayakaya ankangonena liwu limenelo kwa mkulu mmodzi, ndipo umboni wa mkuluyo unkakwanira.

Ndiye zinafika zaka zimene anthu ankati za ruksa, pamene zonse zinaloledwa. Masitolo anadzaza katundu wakunja, ndipo anyamata a makompyuta anayamba kusindikiza tsiku limodzi zimene a Kachiwanda ankatola sabata yathunthu. Lachiwiri pa 30 Juni 1992 kampani yawo inatsekedwa. A Nankhoma anayamba kugulitsa mitumba, zovala zakaunjika, pafupi ndi poimira madaladala, maminibasi a mumzindawo. Matchalitchi atsopano nawonso anamera ngati bowa, ena m'magodauni, ena m'matenti, onse ndi zokuzira mawu. A Kachiwanda anaphunzitsa mosabisa kuti munthu wobatizidwa kale akakabatizidwanso kwina, wayesa ubatizo wake woyamba chinthu wamba, ndipo ameneyo wachita ma'ali. Chaka chomwecho bwalo linadula amayi awiri pa mlandu umenewu, a Kachiwanda n'kulemba maina awo.

Tiamike ankagwira ntchito ya ukalaliki pakampani ina yochotsa katundu kudoko. Mu Ogasiti 1993 anabwerera kwa makolo ake ataonda, akutsokomola, tsitsi litapyapyala. Kuchipatala anamusunga masabata atatu, kenako dokotala anauza makolowo kuti apite naye kunyumba azikamupatsa zimene akufuna kudya. Aliyense anadziwa tanthauzo lake, ngakhale dzina la matendawo silinkatchulidwa pakhomopo.

Lamulungu pa 14 Novembala 1993, a Kachiwanda atapita kutchalitchi, a Nankhoma anabereka mwana wawo wa zaka makumi awiri ndi zisanu kumsana mpaka pamsewu. Anakwera madaladala awiri kukafika ku Mbagala, kwa munthu wina amene ankadzitcha mtumwi, amene mbiri yake inali yoti amachiritsa. Mtumwiyo anayang'ana Tiamike n'kunena kuti pemphero silingadutse pokhapokha mayi wake atabatizidwa mwatsopano, chifukwa madzi a pamphumi a ku ukhanda si ubatizo. A Nankhoma sanafunse funso. Anasiya mwanayo pamkeka, n'kulowa mumtsinje wa Kizinga ndi zovala zomwe.

Nkhani inafika ku Gongo la Mboto iwo asanafike.

Bwalo linakhala Loweruka pa 4 Disembala. Abusa a Yobu, mnyamata wobadwira mumzinda momwemo, amene Chichewa chake chinkatsamira pa Chiswahili, anapempha a Kachiwanda kuti ayambe atuluka, poti mlanduwo unali wa m'nyumba mwawo. Iwo anakana, nati mlembi ndi amene amalemba. Abusawo ankafuna kungodzudzula n'kusiya. A Mose nawonso anati mayi wothedwa nzeru asamuyese ngati wopanduka. Koma mkulu wina, mlamu wa mmodzi wa amayi awiri aja, anatembenukira kwa a Kachiwanda.

"Aphunzitsi, tiuzeni inuyo. Zimene achita akazi anuzi, ndi liwu lija munatiphunzitsa lija kapena ayi?"

A Kachiwanda anayang'ana manja awo, amene inki inali isanachokebe m'zikhadabo. Anaganiza za amayi awiri aja ali pabenchi yakumbuyo. Anaganizanso kuti miyezi isanu ndi umodzi si yambiri, kuti pofika Juni a Nankhoma adzakhala atavalanso zoyera.

"Ndi lomwelo," anayankha.

Analemba dzinalo ndi dzanja lawo, ndipo mawa lake analiwerenga okha pamaso pa mpingo.

Madzulo a tsiku limenelo a Nankhoma anasita bulauzi ndi duku, n'kuzipinda bwinobwino, n'kuziika pamiyendo pa amuna awo.

"Kaperekeni nokha. Njira mukuidziwa."

"Amake Tiya, kalasi ikuyamba Januwale. Mukangolowa..."

"Mwana wanu akufuna kutembenuzidwa. Gwirani kumiyendoko."

Tiamike anamwalira Lachitatu pa 19 Januwale 1994. Iye sanalowe mumtsinje muja, choncho mpingo unamuika ndi mwambo wonse. Amayi a mvano anabwera atavala zoyera, n'kukhala mozungulira bokosi. Mayi Felister, mtsogoleri wawo, anayambitsa nyimbo, koma anaikweza kwambiri, ndipo amayi angapo anatembenukira kwa a Nankhoma mwachizolowezi, kudikira kuti aikonze. A Nankhoma anali pakona atafunda chitenje, pakamwa atatseka.

Kalasi ya obwerera sanalowe Januwale ameneyo, ngakhale wotsatira. Kutchalitchi sankajomba. Ankafika m'mawa, kukhala pabenchi yakumbuyo, mapemphero akatha n'kubwerera kukaphika. Amuna awo ankawachapira ndi kuwasitira monga kale, nthabwala zina zinabwerera, koma miyezi itatu iliyonse, Mgonero ukayandikira, a Kachiwanda ankayambitsa nkhani ija, ndipo yankho linali lomwelo.

"Ndikaime kutsogolo ndikanene kuti chiyani?"

"Kuti munalakwa."

"Thirani shuga, chai chikuzizira."

Zaka zitatu zinatha choncho. A Kachiwanda ankadziuza kuti nthawi ilipo.

Lachiwiri pa 8 Epulo 1997, a Nankhoma ananyowa ndi mvula yaikulu akuteteza mitumba yawo, ndipo pofika madzulo ankalephera kupuma. Kuchipatala anati ndi chibayo, chopezanso munthu amene shuga anali atamufooketsa kale. Lachinayi, pa nthawi yoona odwala ya masana, namwino anakokera a Kachiwanda pambali n'kuwauza kuti ngati pali abale oti aitanidwe, aitanidwe.

Analowa m'chipindamo ndi fulasiki ya phala, n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Amake Tiya."

A Nankhoma anatsegula maso. "Mwabwera ndi phala kapena mwabwera ndi bwalo?"

"Ndi phala."

Anamwa masipuni awiri, lachitatu anakana. A Kachiwanda anatseka fulasikiyo, n'kuitsegulanso, n'kuitsekanso.

"Ndi liwu limodzi lokha," anatero. "Simukaimanso pamaso pa anthu. Mungondiuza ine kuti mwalapa, basi, zotsalazo ndikakonza ndine."

"Ndinadziwa kuti bwalo lili m'thumba. Ndilape chiyani, abambo ake Tiya? Mwana ankatha m'manja mwanga ngati sopo. Akanati imwa madzi a m'ngalande, ndikanamwa. Akanati lowa mumtsinje kakhumi, ndikanalowa."

"Koma munthu uja anali wabodza."

"Wabodza weniweni. Ndinamuzindikira ndikadali m'madzi momwemo. Nanga inu tsiku limenelo munali kuti? Si munali kutchalitchi mukuwerenga zolengeza?"

A Kachiwanda anaika fulasiki ija pansi.

"Ndikanena kuti ndalapa," anapitiriza a Nankhoma, mawu akudukaduka, "ndiye kuti ndavomera kuti ndinalakwa kumuyesera mwana wanga. Zimenezo sindinena. Ngati Mulungu anakwiya, tikakambirana konko, ine ndi iye."

"Akakuikani opanda nyimbo, Phoebe."

Dzina limenelo anali asanalitchule zaka zambiri. A Nankhoma anatambasula dzanja n'kugwira la amuna awo.

"Ndaimbira anthu ambiri. Zakwana. Ndipakeni mafuta kumapaziku, ang'ambika."

Anawapaka mpaka belu lotulutsa alendo linalira. A Nankhoma anamwalira mawa lake, Lachisanu pa 11 Epulo, 10 koloko m'mawa.

Loweruka m'mawa bwalo linakumana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Panja, pansi pa mtengo wa mango, panali Mayi Felister ndi amayi ena, atanyamula yunifomu ya a Nankhoma m'pepala la pulasitiki. Anali ataichapa ndi kuisita kale.

"Baba Kachiwanda, pole sana," anayamba Abusa a Yobu. "Funso ndi limodzi tu. Munali nawo kuchipatala. Mama analapa?"

A Kachiwanda ankadziwa kuti akangoti inde, palibe amene akanafunsanso. M'chipindamo munalibe munthu wofuna yankho lina, ngakhale mkulu uja anawapanikiza mu 1993.

"Achimwene, ganizani bwino," anatero a Mose. "Wodwala salankhula momveka. Mwina anagwedeza mutu. Mwina anakugwirani dzanja."

"Anandigwira dzanja."

"Basi! Abusa, mwamva. Lembani zimenezo."

"Anandigwira dzanja atandiuza kuti sakulapa."

A Mose anamenya tebulo. "Fraser! Ndani wakufunsa zimenezo? Iwe, mkazi wakuphikira zaka makumi atatu ndi zisanu, sungamunamire kamodzi kokha?"

Chimene chinawaletsa a Kachiwanda sikunali kuopa Mulungu kokha. Chinali chakuti a Nankhoma anakana liwu limenelo ndi mpweya wawo wotsiriza, ndipo iwo sakanatha kuliika m'kamwa mwa munthu amene sangathenso kudziyankhira. Anali atawalanda kale yunifomu ndi Mgonero. Kukana kuja ndiko kokha kumene a Nankhoma anatsala nako.

"Ndanena zimene ananena," anatero.

Abusa a Yobu anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Mzee, mwatimanga manja."

Mayi Felister atauzidwa, anaika pepala lija kukhwapa n'kumapita.

Maliro anaikidwa Lolemba pa 14 Epulo. Anthu anabwera ambiri, chifukwa panalibe banja la Anyasa kuyambira ku Kimara mpaka ku Mbagala limene a Nankhoma sanaliimbirepo pa tsiku la chisoni. Amayi a mvano anabwera onse, koma atavala zitenje. Abusa sanaoneke. Bokosi linanyamulidwa ndi anyamata ogulitsa mitumba pamodzi ndi Asilamu oyandikana nawo nyumba, ndipo ulendo wonse wa kumanda munkangomveka mapazi m'matope. Pamaliro a Akhristu nyimbo imaphimba kulira kwa dothi pabokosi. Tsiku limenelo aliyense anamva fosholo iliyonse.

Kalasi ya mawu sinakumanenso. Kwa miyezi iwiri a Kachiwanda ankangokhala pakhonde, moni akuyankha, chakudya akudya chimene anansi abweretsa. Kenako Loweruka pa 14 Juni anapita kubwalo atavala jekete, n'kupempha kuti alankhule.

"Pali liwu lina limene sindinakuphunzitseni bwino," anatero. "Ndinkalidumpha chifukwa ndinkaliona ngati lofanana ndi ena aja. Ndi bagadi. Ndiko kuchitira chiwembu munthu amene wakudalira, amene wagona tulo podziwa kuti iwe ulipo. Mneneri wina analigwiritsa ntchito ponena za mwamuna ndi mkazi amene anapangana naye ali anyamata. Ine pangano langa loyamba mumzinda muno ndinapangana ndi Nankhoma, ukulu wa mpingo unabwera pambuyo. Tsiku limene ankafuna womuthandiza kunyamula mwana, sindinalipo. Tsiku limene ankafuna womuimira pabwalo lino, ndinatenga cholembera. Ndikupempha kuti mundidule."

Akuluwo anayang'anana. Abusa anafunsa ngati anaba, ngati anachita chigololo, ngati anapita kwa sing'anga kapena kwa mtumwi. Zonse anayankha kuti ayi.

"Ndiye palibe lamulo limene mwaphwanya, baba. Tilemba chiyani?"

"Lembani zimene ndanenazi."

"M'buku mulibe malo a zimenezo."

A Kachiwanda anatula pansi ukulu ndi ulembi tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo ankakhala kumbuyo kwa tchalitchi, ndipo mbale ya Mgonero ikafika pa iwo ankaipatsira woyandikana naye. Abusa anawayendera kangapo, koma anangowalandira bwino, kuwapatsa chai, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. Anakhala choncho zaka zitatu. Ankalima chinangwa kuseri kwa nyumba, ndipo Lachisanu lililonse ankapita kumanda kukazula udzu.

Atayamba kudwala mtima mu Ogasiti 2000, anaitanitsa a Mose, amene anali asanawalankhule bwinobwino chiyambire tsiku la bwalo lija.

"Mose, ndikafa mukandiike monga munamuikira Nankhoma. Mbusa asabwere, nyimbo isaimbidwe."

"Ukadali wouma mutu."

"Ndilonjeze."

"Ndikanena kubwalo. Koma ukuwadziwa anthu amene unawaphunzitsa wekha."

A Kachiwanda anamwalira Lachitatu pa 6 Seputembala 2000, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi chimodzi. A Mose anapereka uthengawo monga anaulandirira. Bwalo linatsegula buku la odulidwa, linafufuza tsamba ndi tsamba, ndipo dzina la Fraser Kachiwanda silinapezeke. Linagamula kuti munthu wosadulidwa sangamanidwe mwambo wa mpingo, ngakhale atapempha yekha.

Anaikidwa Loweruka pa 9 Seputembala. Kunabwera abusa atatu, makwaya awiri, ndi amayi a mvano oposa makumi anayi, onse atavala zoyera. Malo a pafupi ndi a Nankhoma anali atatengedwa kale, poti zaka zimenezo manda ankadzaza msanga, choncho anawakumbira kutsidya, kufupi ndi mpanda. Kuchokera kunyumba mpaka dothi lomaliza anaimba nyimbo khumi ndi imodzi. A Mose anayenda kumbuyo kwa onse, chipewa chili m'manja, ndipo sanaimbe nawo ngakhale imodzi.